Funsani Ankolo: Mbalame za m'madambo ndi kajambulidwe kake

Mwezi uno mafunso ambiri abwera okhudza mbalame za m'madzi, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, nde ndasankhapo angapo ochokera konkuno ku Mulanje ndi Thyolo. Amene munafunsa za nkhunda zoweta pepani dikirani kaye, yanu idzabwera payokha.

Ankolo, ine ndimakonda kujambula ndi foni. Kumunsi kwathu kuli dambo kumabwera akakowa ambiri koma ndikajambula kumangotuluka kadontho koyera, ndikazuma chithunzi chimaphwanyika, ndikati ndiyandikire amathawa. Popanda kamera yodula zingatheke? — Mtsikana wa ku Chitakale

Zingatheke mphwanga, koma choyamba siya kuzuma ndi zala. Zumu ya mafoni ambiri si zumu yeniyeni, imangodula chithunzi chomwecho nkuchikoka kuti chikule, nchifukwa chake chimatuluka chophwanyika. Chachiwiri siya kuwalondola. Mbalame ikaona munthu akubwera molunjika, maso ali pa iyo, imadziwa kuti palibe zabwino, sinanga ana a legeni anaiphunzitsa kale. Akakowa a kudambowo amatsata ng'ombe chifukwa ng'ombe zikamayenda mu udzu zimadzutsa ziwala ndi tizilombo tina, nde iwe yang'ana komwe ng'ombe zikulowera, zungulira ukakhale pansi kutsogolo kwawo, uvale zakuda kapena zobiriwira osati chitenje chowala, ukhale phee, ng'ombezo zikubweretsera akakowawo mpaka pamapazi. Zimachitikanso munthu akamagalauza m'dimba, amamutsatira pambuyo kutola zotuluka m'dothi ndipo nthawi imeneyo sasamala za anthu kwenikweni.

Upite mmawa dzuwa lisanakwere, kapena cha kumadzulo, ndipo dzuwalo likhale kumsana kwako. Vuto la mbalame yoyera nlakuti foni imayeza kuwala kwa udzu ndi madzi zomwe zili zoderapo, ndiye mbalameyo imapsa, nthenga sizioneka. Dina pambalamepo pa sikirini, kakatuluka kadzuwa kaja kakokere pansi mpaka nthenga zionekere, olo dambo lonse lide palibe kanthu. Ukagwira batani osasiya, mafoni ena amajambula zithunzi zambiri motsatizana, pa makumi awiri upezapo chimodzi chabwino, zinazo fufuta usamve chisoni. Ukabwereka binoculars kwa munthu, gunditsa kamera ya foni pagalasi loonerapo limodzi, uzisuntha pangonopangono mpaka bwalo lowala lidzaze sikirini, manja amanjenjemera inde koma ukatsamira pamtengo kapena pachulu zimatheka ndipo anthu ena akujambula zabwino ndi njira yomweyi.

Koma ine maganizo anga ndi akuti foni usaikakamize ntchito ya lenzi yaikulu. Iwe uli ndi chinthu chimene ojambula a ku Blantyre amachiwotchera mafuta, phiri lili pakhomo. Madzulo akakowa akamabwerera kogona amauluka pamzere, ukawapeza akudutsa kutsogolo kwa phiri dzuwa likulowa, olo mbalame iliyonse ikhale kadontho chithunzicho ndi chithunzi ndithu.

Uziyang'anitsanso, si onse oyera ndi amodzi. Wa ng'ombeyu ndi wamfupi khosi, mlomo wachikasu, ndipo nyengo yoswa amamera nthenga zofiirira pamutu, pachifuwa ndi pamsana. Kuli wina wowonda wa mlomo wakuda, miyendo yakuda koma zala zachikasu, ameneyo sasamala za ng'ombe amakhala m'madzi kumavundula matope ndi phazi kuti tinsomba tituluke. Kuli winanso wamtali kwambiri wa khosi lalitali lopindika amene amaima malo amodzi nthawi yaitali. Ukayamba kuwasiyanitsa atatuwa basi matenda okonda mbalamewa akugwira.

Ankolo, ndagula kamera ya zumu yaitali kwa mnzanga amene wabwera kuchokera ku Joni. Kuno ku Luchenza ndingapite kuti kokaona mbalame za m'madzi zenizeni osati akhwangwala a pamsika? — Bambo wa ana atatu, Luchenza

Bambo, musanyoze akhwangwala, poyesera kamera ndi abwino chifukwa sathawa kkkk. Koma chabwino, yambani pafupi. Mtsinje wa Thuchila muli nawo pomwepo, ndipo mvula ikagwa madzi akatsalira m'zithaphwi m'mbali mwake mupezapo anantchengwa, akakowa, abakha a m'tchire, ndi timbalame todumphira nsomba. Kenako madamu a m'maesiteti a tiyi, ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe alipo ambiri, anawakumba kuti azithirira ndi kugwiritsa ntchito kufakitale koma mbalame zinawatenga ngati awo. Kumeneko muona mphipi itakhala pachitsa mapiko itatambasula, ikuyanika, chifukwa nthenga zake zimanyowa ikamira pofuna nsomba. Muonanso kambalame kakang'ono kozungulira kosambira pakati pa damu kamene mukangoloza kamera kamamira nkukatulukira kwina, m'mabuku kamalembedwa little grebe, kameneko kadzakuphunzitsani kuleza mtima. Mwayi ukakhalapo nkhwazi imabweranso, yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo mukaona ziwiri pamtengo yaikuluyo ndi yaikazi. Yofiirira yamawangamawanga musaiyese mtundu wina, ndi mwana wake, zimatenga zaka ngati zisanu kuti mutu uyere bwinobwino. Chonde kumbukirani kuti esiteti ndi malo a eni ake, pitani kuofesi kaye mukapemphe, osangolowera m'tiyi ndi chikwama chakuda alonda nkukugwirani nkumati Ankolo ndi amene anandituma.

Mitsinje yotsika m'phiri monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo kumtunda ndi nkhani ina, madzi ake ndi othamanga pamiyala nde mbalame za m'dambo simuzipeza zambiri, koma kuli zakezake, monga kambalame kotuwa ka mchira wautali kamene kamadumphadumpha pamiyala mchira ukugwedezeka.

Tsopano mukafuna zenizeni zimene mukunenazo, madzi a phiri lathu lomweli ndi amene akutsogolereni. Mbali ina mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imakathira m'nyanja ya Chilwa, mbali inayi Ruo amakakumana ndi Shire ku Chiromo, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh, ndipo Ruo akadzaza kwambiri amakankhira madzi a Shire m'mbuyo nkudzaza dambolo. Malo awiri onsewa ali pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa mgwirizano wa Ramsar, Chilwa kuyambira cha mu 1997 pomwe dziko lathu linalowa mumgwirizanowu, Elephant Marsh mu 2017. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, nchifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, ndiye musanawononge ndalama ya thiransipoti funsani kaye kuti madzi ali pati chaka chimenecho, chifukwa gombe lake limasuntha. Ambiri amalowera ku Kachulu kudzera ku Zomba, pomwe pamakwerera mabwato opita pachilumba cha Chisi. Nyanjayi yazunguliridwa ndi njedza ndipo mbalame zambiri zimabisala mmenemo, atsekwe, abakha oimba mluzu, avuwo, zonsezo.

Elephant Marsh ndiye mukadutsa ku Thabwa nkutsata msewu wa East Bank, kenako mumafuna munthu wa bwato wodziwa njira. Kumeneko ine chimene chimandisangalatsa ndi jacana, mbalame yofiirira ya zala zazitali kwambiri yoyenda pamwamba pa masamba oyandama osamira, ndipo kwa iyo yaimuna ndi imene imafungatira mazira ndi kulera ana, pakakhala zoopsa imawanyamula m'kati mwa mapiko timiyendo tokha tikulendewera kunja. Kulinso achiswankhono ambirimbiri, ndi kakowa wakuda amene amaphimba madzi ndi mapiko ake ngati ambulera kuti agwire nsomba pamthunzipo. Mupite madzi atatsika, nyengo ya mvula misewu ya kumeneko imavuta ndipo chichokereni namondwe Freddy mu 2023 malo ena anasintha. Ng'ona ndi mvuu zilipo zenizeni, wa bwato akati apa ayi musatsutse, ndipo dzanja lisalowe m'madzi.

Za kamerayo mwachidule: mbalame youluka imafuna shutter yothamanga, yoti kamera iziphethira pa 1/1000 ya sekondi kapena mwachangu kuposa apo, m'bwato onjezeraninso chifukwa bwato limagwedera, ISO, imene imawonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, isiyeni pa auto, ndipo lozani diso la mbalame osati thupi. Mukakhala pamtunda gwadani kapena gonani chafufumimba kuti kamera ilingane ndi mbalameyo, chithunzi chojambula mutaimirira chimaoneka cha munthu wodutsa. Valani majombo, m'madzi odikha a m'madambo ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo, mukaona magazi pokodza thamangirani kuchipatala mankhwala ake alipo.

Ankolo, nantchengwa wamanga chisa chachikulu mumtengo pafupi ndi dimba lathu. Agogo akuti ndi tsoka ndipo ndisayerekeze kuchiloza ndi chala kapena kujambula, achimwene anga akuti tichigwetse. Usiku kumamvekanso kulira koopsa kuchokera momwemo. Nditani? — Wodandaula, Thekerani

Pa agogo ndi achimwene akowo ine ndili mbali ya agogo, olo kuti chifukwa changa nchosiyana ndi chawo. Musachigwetse. Zoti nantchengwa ndi mbalame ya malodza si za kwanu kokha, m'maiko ambiri a kuno ku Africa anthu amaiopa, ndipo mantha amenewo ndi amene aisunga, ana amene amalasa chilichonse chouluka ameneyu amamulambalala, nchifukwa chake umamupeza akuyendayenda pafupi ndi amayi akuchapa osatekeseka.

Chisacho ndi chimodzi mwa zinthu zodabwitsa zimene mbalame imamanga. Mbalame yake ndi yaing'ono, sifika ndi tsekwe yemwe, koma chisa chimatha kufika mita imodzi ndi theka mulifupi, cha timitengo masauzande, chofolera pamwamba, kakhomo kake kali chammunsi chammbali komata ndi matope, ndipo chimalimba moti munthu wamkulu atha kuimirira pamwamba osachiboola. Amamanga awiri, mwamuna ndi mkazi, milungu yambiri, ndipo ali ndi khalidwe lomanga zisa zingapo olo zina asadzaikiremo mazira. Pamwamba amaunjikapo chilichonse chimene watola, nsanza, mapepala, mafupa, zikopa za njoka, tsitsi, ndipo apa mpamene anthu amati mwaona mankhwala aja, pomwe iye akungotola zimene ife tataya.

Kulira kwa usikuko mwina si iye nkomwe. Nantchengwa amayenda masana. Zisa zake zikakhala zopanda mwini, nthawi zina olo mwini alipo, akadzidzi amalanda nkuswera momwemo, makamaka woyera nkhope uja wolira mokuwa ngati akung'ambika kukhosi, ndipo njoka, njuchi ndi atsekwe nawo amalowamo. Nde tangoganiza, chisa chachikulu chosadziwika bwino, pamwamba pali mafupa, usiku mukutuluka kadzidzi, masana mukutuluka njoka, mbiri yoipa ingalephere bwanji. Koma kadzidziyo akukudyerani mbewa za m'dimba, ndipo nantchengwayo chakudya chake ndi achule, mbululu ndi tinsomba, chimanga chanu alibe nacho ntchito.

Za kujambula, agogo usawatsutse pamaso, ndi akulu. Mbalameyi sikhala pachisa tsiku lonse, mmawa imatsikira kumadzi, kaipezere kumeneko, ndipo kunena zoona chithunzi chake ikuvundula matope ndi phazi chimakoma kuposa cha mulu wa timitengo. Kukwera mumtengo kuti usuzumire m'kati ndiye ayi, pisa dzanja mmenemo ukumane ndi mwini nyumba watsopano.

Ankolo, tsiku lina ndinalawirira kudambo la mudzi woyandikana nawo ndi kamera ndi binoculars, anthu anandizungulira nkumandifunsa kuti wandituma ndani, ena amati ndikuyeza malo kuti agulitsidwe. Anandipulumutsa ndi aphunzitsi ena amene amandidziwa. Kodi kuona mbalame ndi mlandu? — Mnyamata wa ku Limbuli

Si mlandu, koma anthuwo usawaone ngati opusa. Kuno nkhani ya malo ndi yowawa, minda ndi yochepa, tiyi anatenga malo aakulu kalekale, nde munthu wachilendo akabwera mbandakucha nkumaloza chida kumadimba a anthu, iwe ukanaganiza chani. Ndipo sitinaiwale 2017 pomwe mphekesera za anamapopa zinabuka mbali zathu zomwe zino za Mulanje ndi Phalombe nkufalikira ku Thyolo mpaka Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula chikwama chosadziwika. Uthokoze aphunzitsiwo.

Ukafuna kupita dambo la mudzi wina, pita dzulo lake masana ukaonekere kwa amfumu, unene dzina lako, kwanu, ndi chimene ukufuna, uwaonetse zithunzi za mbalame zimene unajambula kale. Upemphe mnyamata mmodzi wa mmudzimo ayende nawe ndipo umupatse kangachepe, si chiphuphu, ndi ntchito wagwira, komanso iyeyo akudziwa pomwe abakha amagona kuposa iwe. Anthu akabwera kudzaona usabise binoculars, apatse aonemo, palibe chimene chimathetsa nkhani msanga kuposa gogo kuona mbuzi yake ya kutsidya ili pamphuno. Ndipo kamera isaloze komwe amayi akusamba kapena kuchapa olo kutatera mbalame yosowa bwanji, imeneyo ilekeni ipite.

Ankolo, pali kambalame kotuwa kumsana koyera kumimba kamene kamayenda m'mphepete mwa damu kakugwedeza matako osaleka. Ndimakaona nyengo ya dzinja, nthawi yozizira kamasowa. Kamapita kuti? — Mayi wogwira ntchito ku esiteti, Thyolo

Mayi, mmene mwafotokozeramu kakuoneka kuti ndi common sandpiper, makamaka ngati koyerako kamakwera pang'ono kutsogolo kwa phiko ndipo kakadzidzimuka kamauluka chammunsi pamwamba pa madzi mapiko akunjenjemera. Kameneko ndi kalendo, kamaswera ku Ulaya ndi ku Asia, kumeneko kukayamba kuzizira kamabwera kuno cha mu Ogasiti ndi Seputembala nkubwerera cha mu Epulo, nde pomwe ife tikuwotha moto wa chiperoni iko kali pa mazira kutsidya kwa nyanja. Kathupi kake sikaposa masentimita 20 kwenikweni. Kali ndi kanzake kofanana nako ka madonthomadontho kumsana ndi miyendo yachikasu, kameneko kamakonda m'minda ya mpunga ndi m'zithaphwi. Adokowe akuda a mimba yoyera amene amatera m'minda gulu mvula ikayamba nawonso ndi alendo, koma iwo amachokera mu Africa momwe muno kumpoto kwa equator, ndipo amatithandiza kudya ziwala ndi ntchemberezandonda. Mukadzaona mbalame ili ndi kamphete kumwendo jambulani kuti nambala ioneke, amaika ndi akatswiri ofufuza maulendo a mbalame ndipo nambalayo imanena komwe inachokera.

Ankolo, m'kati mwa lenzi yanga mwamera tinthu ngati ulusi ndipo zithunzi zikutuluka za nkhungu. — Wojambula maukwati, Bvumbwe

Ndi chuku chimenecho achimwene, chinyontho cha kwathu kuno sichisewera. Kupukuta kunja sikuthandiza, ipititseni kwa okonza makamera chukucho chisanadye galasi. Mukachoka kudambo kapena mu chiperoni musatsekere kamera m'chikwama chonyowa, itulutseni iume kaye, kenako muziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo lenzi yodwalayo isagone pamodzi ndi zinzake.

Ankolo, ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndapatsidwa kalabu ya zachilengedwe. Ana ake ndi omwewo oyenda ndi legeni ndi ulimbo. Tilibe binoculars olo imodzi. Ndiyambire pati? — Aphunzitsi, Thyolo

Aphunzitsi, mwapatsidwa ana abwino kwambiri. Mwana wa legeni amadziwa mbalame iti imamwa nthawi yanji, imagona mtengo uti, imalira bwanji, zimene ena amaphunzira ndi mabuku odula. Mukayamba ndi kuwalalikira kuti kupha mbalame ndi tchimo muwataya tsiku loyamba, ena mwa iwo mbalameyo ndiye ndiwo zakwawo. Ngakhale ku Chilwa komwe mbalame zimakodwa zambiri, makamaka nsomba zikasowa, njira imene anatsata inali yokhazikitsa magulu a osaka okhaokha kuti azigwirizana nthawi yoleka kusaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane, osati kungoletsa. Inunso gwirizanani nawo zochepa zotheka, monga kuti chisa cha mazira sachikhudza ndipo kudambo la kalabu salowa ndi legeni.

Sankhani malo amodzi oyandikira sukulu, damu kapena dambo, muzipitako tsiku lomwelo mwezi uliwonse nthawi yofanana. Kope limodzi likwana, muzilemba deti, nthawi, mmene kunja kunalili, madzi anali pati, mbalame zanji ndipo zingati. Maina alembeni mmene anawo amatchulira, a Chichewa kaya a Chilomwe, mwana wodziwa kujambula ndi pensulo ajambule pambali, la m'buku mudzalipeza pambuyo. Pa foni yanu ikani Merlin, app yothandiza kuzindikira mbalame, ndi yaulere, mukatsitsa mbalame za dera lathu pomwe muli ndi bandulo imagwira ntchito olo popanda netiweki, ndipo zimene mwawerenga mutha kuzilowetsa pa eBird, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalemba mbalame zimene aona, kuti ofufuza azione. Malawi ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ndipo kumadamu ang'onoang'ono a kwathu kuno olembako ndi ochepa, nde kope la ana anuwo si masewera. Auzeninso kuti kuli mbalame ya m'nkhalango yotchedwa dzina la boma lawo, Thyolo alethe, imene ili pangozi yotha chifukwa nkhalango ya m'phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse.

Lumikizanani ndi a WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi), bungwe la zachilengedwe limeneli ndi lakale, linayamba mu 1947, ndipo makalabu a m'sukulu ndi ntchito yawo, komanso a Mulanje Mountain Conservation Trust pa boma la Mulanje ngati mungafikeko. Kalembera wa mbalame za m'madzi mu Africa amachitika mu Januwale ndi Julayi, miyezi imeneyo musaphonye, ndipo pa 2 Febuluwale ndi tsiku lokumbukira madambo padziko lonse, tsiku limene mgwirizano wa Ramsar unasainidwa ku Iran mu 1971, mutha kupempha ahedi kuti ana akawerenge zimene apeza pa asembule.

Powerenga gulu lalikulu musamawerenge imodziimodzi, zimauluka musanafike pakati. Mwana awerenge khumi aone kuti khumiwo atenga malo aakulu bwanji, kenako aziyeza gulu lonse ndi muyeso umenewo, khumi, makumi awiri, makumi atatu mpaka kumapeto. Ana awiri awerenge gulu limodzi aliyense payekha osauzana, akasiyana kwambiri abwereze, akayandikana lembani nambala yapakati. Aimeni patali ndi madzi, ndipo wosadziwa kusambira asayandikire damu la esiteti, ambiri ndi akuya kuyambira m'mphepete momwe.